Ndalama za nthano ndi zisudzo: momwe bajeti ya maphunziro a zaumunthu imayendera pa yunivesite

Agogo amene mwakhala nawo pakhonde masana onse, akukusimbirani nthano ndi kukuimbirani nyimbo za pamtondo, alibe buku la malisiti. Amfumu chidindo ali nacho, komabe ndi mwano kuwapatsa malonje kenaka n'kuwatambasulira pepala kuti asainire. Wofufuza akabwerera ku yunivesite, a ku ofesi ya zachuma amafuna umboni wa kwacha iliyonse imene anatenga, ndipo sakulakwa ayi, pakuti ndalamazo ndi za boma kapena za bungwe lina, ndipo tsiku lina maodita, ofufuza mabuku a ndalama, adzafunsa. Pakati pa khonde la agogo ndi tebulo la akauntanti pali ntchito yaikulu imene anthu ambiri saiona. Ndi ntchito yoyendetsa bajeti, misonkhano ndi thandizo la ndalama m'gawo la maphunziro a zaumunthu.

Maphunziro amenewa ndi aja okhudza zilankhulo, zolembalemba, zisudzo, nyimbo, zojambula, zipembedzo ndi filosofi, ndipo m'mayunivesite ambiri mbiri yakale imawerengedwa m'gulu lomweli. Ku Malawi kwawo kwenikweni kwakhala kuli ku Zomba. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Blantyre, ndipo koleji yake ya Chancellor College (Chanco) inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mu 1973. Pa kolejiyi panabadwa Writers' Group mu 1970, gulu limene linalera alembi ngati Jack Mapanje. Panabadwanso Travelling Theatre yonyamula zisudzo kupita nazo kwa anthu, mabuku a Kachere Series ochokera ku dipatimenti ya maphunziro a zipembedzo, ndi Centre for Language Studies yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Tikamatchula zimenezi timakumbukira alembi ndi ochita zisudzo. Komatu galimoto yowanyamula inathiridwa mafuta, wosindikiza mabuku analipidwa, ndipo alipo amene analemba lipoti la ndalamazo.

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti ndalama za dipatimenti sizikhala mumphika umodzi. Zilipo zochokera ku boma, zimene Nyumba ya Malamulo imavomereza mu bajeti ya dziko. Gawo lalikulu la zimenezi limathera ku malipiro, ndipo zotsalazo zimafika pang'onopang'ono, nthawi zina mochedwa. Zilipo za fizi ndi zina zimene yunivesite imadzipezera yokha, monga pobwereketsa holo kapena pophunzitsa makosi afupiafupi. Za fizi nazonso zimadalira kuti bungwe la ngongole za ophunzira latulutsa liti ndalama. Kenaka pali thandizo lochokera ku mabungwe, limene limabwera ndi pangano lolembedwa: ndalama izi ndi za ntchito yakuti, kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mkulu wa dipatimenti akhoza kukhala ndi mamiliyoni a thandizo mu akaunti, mapepala osindikizira mayeso atatha, ndipo saloledwa kutapamo. Akabwereka n'cholinga chodzabweza boma likapereka, waswa kale pangano, ngakhale atabwezadi. Walira mvula walira matope: ukalandira thandizo walandiranso zingwe zake.

Mphika uliwonse uli ndi kalendala yakeyake. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma ku Malawi chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene kale chinkayamba mu Julayi. Bungwe la ku Ulaya likhoza kutseka mabuku ake mu Disembala, pamene boma la America limatseka pa 30 Seputembala. Kalendala ya maphunziro imagwedezeka kawirikawiri, monga mu 2011 pamene makalasi pa Chanco anaima miyezi yambiri pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi, ndi mu Malichi 2020 pamene sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Pamwamba pa zonsezi pali kalendala ya kumudzi, yomwe siisuntha chifukwa cha pangano la munthu aliyense. M'dzinja anthu ali kumunda ndipo misewu yafumbi yasanduka matope. Gule, zinamwali ndi miyambo yambiri zimachitika m'chilimwe, anthu atakolola. Mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, umachitika kumapeto kwa Ogasiti. Wofufuza amene ntchito yake yatsamira pa Kulamba, ndalama zikafika mu Seputembala, wataya chaka chathunthu, pamene panganolo likupitirira kuwerenga miyezi. Woyendetsa bajeti wabwino amayala makalendala onsewa pamodzi asanalembe nambala ngakhale imodzi.

Tiyerekeze kuti dipatimenti ya zilankhulo ikufuna kujambula nthano ndi nyimbo za akuluakulu m'maboma a Dedza ndi Mchinji, kuzilemba, kuzisindikiza m'buku, ndi kuchititsa msonkhano wa akatswiri pamapeto. Bajeti ya ntchito yotereyi imasiyana kwambiri ndi ya anzathu a sayansi. Iwo gawo lalikulu amagulira zida, ndipo chida chimabwera ndi invoisi, nambala yake ndi kalata yotsimikizira kuti chafika. Kuno zida n'zochepa: chojambulira mawu, kamera, kompyuta ndi mosungira zojambulidwazo. Chimene chimadya ndalama ndi nthawi ya anthu ndi maulendo. Kulemba papepala mawu a ola limodzi la zojambulidwa kumatenga maola angapo, ndipo amachuluka ngati wolankhulayo ndi wokalamba, akugwiritsa ntchito mawu amene sitiwamvanso, kapena ngati anthu angapo akuimba pamodzi. Pambuyo pake pali kumasulira, kufananitsa ndi zojambulidwazo, kubwereranso kukafunsa pamene sipanamveke. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mabajeti ambiri a zaumunthu amafera. Olemba pempho amawerengera bwino mafuta ndi malo ogona, koma ntchito ya patebulo amaipatsa kandalama kochepa poganiza kuti ophunzira adzathandiza. Zotsatira zake ndi maola ambirimbiri a mawu a agogo atagona mu kompyuta, osalembedwa, ena mwa eni akewo atamwalira.

Nthawi ya mphunzitsi mwini wake nayonso ili ndi mtengo. Munthu wophunzitsa makalasi odzaza sangalembe buku pokhapokha wina atamugwirira makalasi ena, ndipo womugwirirayo ayenera kulipidwa. Mabungwe ena amavomera kulipira zimenezi, ena amakana n'kunena kuti malipiro ndi udindo wa yunivesite. Ena amafuna kuti yunivesite nayo iikepo gawo lake, ndipo kawirikawiri gawolo limawerengedwa m'nthawi ya aphunzitsi, zipinda ndi magalimoto. Lonjezo lotere likalembedwa liyenera kukhala ndi umboni wake, monga mapepala osonyeza masiku amene mphunzitsi anagwira ntchito ya polojekiti.

Pali mzere wina mu bajeti umene umakwiyitsa ofufuza ambiri, wa ndalama zimene yunivesite imadula kuti ilipirire magetsi, madzi, intaneti, laibulale, alonda ndi ogwira ntchito ku ofesi ya zachuma. Wofufuza amaona ngati akulandidwa zimene wavutikira yekha. Koma polojekiti imagwiritsadi ntchito zinthuzi, ndipo zikapanda kulipidwa ndi thandizolo zimalipidwa ndi fizi ya ophunzira. Mkangano wa gawo limeneli uliponso m'mayiko olemera. Ku Britain, mabungwe a boma othandiza kafukufuku, kuphatikizapo Arts and Humanities Research Council, amalipira 80 pa 100 iliyonse ya mtengo wonse wa ntchito, yunivesite n'kudzipezera yotsalayo. Ku America, mu Febuluwale 2025, bungwe la boma lothandiza kafukufuku wa zaumoyo la National Institutes of Health linalengeza kuti gawo lotereli lisapitirire 15 pa 100 iliyonse, ndipo mayunivesite anathamangira kukhoti. Funso langa kwa yunivesite iliyonse n'lakuti: pa ndalama zodulidwazo, ndi zingati zimabwerera ku dipatimenti imene inazibweretsa? Pamene gawo lina limabwerera, dipatimenti imapeza kandalama kopanda zingwe kogulira mabuku kapena kutumizira mphunzitsi wachinyamata ku msonkhano, ndipo anthu amalimbikira kulemba mapempho ena.

Pempho lisanayambe kugwira ntchito palinso chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza anthu. Ku Malawi zimenezi zili pansi pa National Commission for Science and Technology ndi makomiti a m'mayunivesite. Chilolezocho chili ndi mtengo wake ndipo chimatenga nthawi, choncho zonse ziwiri ziyenera kulowa mu dongosolo. Pa nkhani ngati Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, chilolezo cha papepala sichikwanira. Pali zinsinsi za kudambwe zimene eni ake salola kuti zijambulidwe, ndipo kukambirana nawo kumafuna maulendo angapo kujambula kusanayambe. Maulendo amenewo sabweretsa chojambulidwa chilichonse, koma ayenera kukhala ndi mzere wawo.

Ndiye pali kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tengani thandizo la madola 10,000. Amene anawasintha kwacha isanagwe anapeza K11.8 miliyoni, ndipo patangopita masiku ochepa ndalama yomweyo ikanangogula madola pafupifupi 6,900. Tikiti ya ndege ya mlendo wochokera ku Nairobi, kamera ndi inki ya printa zimatsata dola, choncho bajeti yake inaperewera asanagule kalikonse. Amene anali asanasinthe anapeza K17 miliyoni, koma naye sanalemere. Mitengo ya mafuta, mahotela ndi chakudya inakwera, ndipo mabungwe ambiri amati ndalama zoonjezereka chifukwa cha kusinthaku ndi za polojekiti, sungazigwiritse ntchito popanda kupempha. Akaunti ya ndalama zakunja imathandiza, ngakhale Reserve Bank of Malawi imaika malamulo a gawo loyenera kusinthidwa, ndipo malamulowo amasintha. Choyenera kuchita n'kulemba bajeti m'ndalama ya wopereka thandizo, kusonyeza poyera mtengo wosinthira umene wagwiritsidwa ntchito, ndi kufunsiratu mwa kalata chimene chidzachitike kwacha ikagwa.

Msonkhano ndi pamene ntchito ya chaka chonse imaonekera kwa anthu, komanso ndi pamene ndalama zambiri zimatuluka m'masiku ochepa. Yunivesite ya boma siingangoloza hotela imene yaikonda. Malamulo ogulira katundu wa boma, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amafuna makoteshoni angapo ndi chivomerezo cha komiti yogula zinthu, ndipo wogulitsayo akhale wolembetsedwa ndi wodziwika ku bungwe la misonkho la MRA. Izi zimatenga masabata, pamene koteshoni yambiri imakhala ndi masiku ochepa isanathe mphamvu. Mlendo wolemekezeka akalonjezedwa ndalama yomuthokoza, ziyenera kumveka msanga ngati msonkho udzadulidwa pa ndalamayo, kuopa manyazi pa tsiku lolipira. Jenereta ndi mafuta ake zimafuna mzere wawo, chifukwa magetsi akhoza kuzima sewero lili pakati. Ngati padzaimbidwa nyimbo za anthu ena, nkhani ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ikonzedwe. Ngati mwaitana mafumu ndi akuluakulu a kumudzi, pakhale womasulira, apo ayi adzangokhala zokongoletsa kutsogolo akatswiri akulankhula Chingerezi za miyambo yawo. Ndipo gulu la ovina liyenera kulipidwa ngati akatswiri. Zimandipweteka kuona bajeti imene yaika ndalama zambiri pa zikwama ndi zolembera za alendo kuposa pa anthu makumi awiri ovina padzuwa.

Nkhani ya maalawansi aliyense amaidziwa. Malipiro akakhala ochepa, alawansi imasanduka gawo la chakudya cha pakhomo, ndipo msonkhano umayamba kukonzedwa motsata kumene alawansi ikuchuluka. N'chifukwa chake misonkhano yambiri imathawira kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, holo ili pomwepo pa sukulu. Mabungwe ambiri othandiza anasankha kulipira hotela mwachindunji, malo ogona ndi chakudya, m'malo mopereka ndalama m'manja, ndipo izi zimabweretsa madandaulo. Woyendetsa msonkhano ayenera kulemba m'kalata yoitanira anthu chimene adzalandire ndi chimene sadzalandira. Msonkhano wa zaumunthu ukachitikira pa sukulu pamakhalanso phindu lina: ophunzira amalowa n'kumvera, ndipo iwowo ndiwo adzapitirize ntchitoyi.

Tibwerere kwa agogo aja. Wofufuza popita kumudzi amatenga ndalama za ulendo, ndipo akabwerako amayenera kubweza malisiti ndi zotsala m'masiku oikika asanatengenso zina. Mabungwe nawo amapereka thandizo m'zigawo, chigawo chachiwiri chimatuluka lipoti la choyamba likavomerezedwa. Munthu mmodzi akachedwetsa malisiti, polojekiti yonse imaima. Ndalama imene ilibe umboni, kapena imene yagwiritsidwa ntchito pa chinthu chosaloledwa m'pangano, imabwezedwa kwa mwini wake kuchokera m'thumba la yunivesite. Kuchokera pamene nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, yotchedwa Cashgate, inaphulika mu 2013, mabungwe akunja anakhwimitsa kwambiri kafufuzidwe ka ndalama zawo ku Malawi, ndipo kukhwima kumeneko kunafika ngakhale ku mapolojekiti ang'onoang'ono.

Njira yothetsera vuto la malisiti a kumudzi ilipo, koma imagwira ntchito ikakonzedwa ulendo usanayambe. Malonje a mafumu ndi zothokozera ofotokoza nkhani zilembedwe mu bajeti ndi dzina lake lenileni, ndi ndime yofotokozera wopereka thandizo kuti mwambo wake ndi wotani. Agwirizane ndi a zachuma kuti umboni wake udzakhala wotani: fomu imene wolandira angasaine kapena kudinda chala, kapena kalata ya wofufuza yosainidwa ndi mboni pamene kusainitsa kungakhale mwano. Shuga, mchere kapena chitenje zikhoza kugulidwa m'sitolo yopereka lisiti n'kukaperekedwa ngati mphatso. Airtel Money ndi Mpamba zimasiya umboni wabwino wa malipiro a otsogolera njira ndi a kabaza. Pamafunikanso kusamala pamene wofotokoza nkhani analonjezedwa kuti dzina lake silidzatchulidwa, chifukwa fomu ya malipiro ikhoza kumuulula. Zikatero mayina amasungidwa padera, ndipo ku ofesi ya zachuma kumapita manambala okha. Choopsa ndi chizolowezi chogula buku la malisiti pamsika n'kulembamo zinthu zimene sizinagulidwe pofuna kukwirira ndalama imene inaperekedwadi kwa agogo. Ndalamayo inapita koyenera, koma pepalalo ndi labodza, ndipo odita akaligwira palibe amene adzakhulupirire mbali yoona ya nkhaniyo.

Zinthu zikasintha pakati pa ntchito, njira ndi kulemba kalata. Kusuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina kumaloledwa mpaka pa malire amene ali m'pangano, kupitirira apo pamafunika chilolezo cholembedwa. Mawu a pafoni sathandiza, chifukwa amene anavomerayo akhoza kusiya ntchito odita asanabwere. Mvula kapena kutsekedwa kwa sukulu kukachedwetsa ntchito, mabungwe ambiri amavomera kuonjezera miyezi popanda kuonjezera ndalama, bola pempho lifike pangano lisanathe.

Nanga thandizolo limachokera kuti? Ku Malawi ndalama zambiri za kafukufuku zimalowera ku zaumoyo ndi zaulimi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Zitseko za zaumunthu zilipo koma n'zochepa. Norway imathandiza mgwirizano wa mayunivesite kudzera mu pulogalamu yake ya NORHED. British Library ili ndi Endangered Archives Programme yopulumutsa zolembedwa ndi zojambulidwa zakale zimene zili pangozi yoonongeka. African Humanities Program, imene inayendetsedwa ndi American Council of Learned Societies ndi ndalama za Carnegie Corporation, inathandiza akatswiri ambiri achinyamata, koma inali ya Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda, Malawi munalibemo. Chifukwa cha kuchepa kwa zitsekozi, akatswiri a zisudzo ndi zilankhulo kawirikawiri amalowa m'mapolojekiti a ena ngati othandiza kufalitsa uthenga wa Edzi, katemera kapena kusintha kwa nyengo. Ntchitoyo ndi yofunika ndipo imabweretsa ndalama. Koma dipatimenti ikangodalira imeneyo, mafunso ake enieni, monga momwe Chilomwe kapena Chisena chikusinthira, amasowa wowalipirira.

Thandizo lolonjezedwa likhozanso kutha mwadzidzidzi. Mu 2021 boma la Britain linatsitsa thandizo lake kumayiko ena kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 pa 100 iliyonse ya chuma cha dziko, ndipo mapolojekiti a kafukufuku amene anali pakati anadulidwa ndalama. Mu 2025 boma la America linathetsa USAID, ndipo mu Epulo chaka chomwecho nthambi ya bomalo yothandiza maphunziro a zaumunthu ya National Endowment for the Humanities inathetsa mapangano ambiri amene inali itasaina kale ndi mabungwe a m'dziko lake lomwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Pa bajeti mawuwa akutanthauza kuti makontrakiti a othandiza pa kafukufuku asapitirire ndalama zimene zafika, ndipo ntchito igawidwe mwakuti chigawo chilichonse chikatha pakhale chogwirika, ngakhale chotsatira chitapanda kubwera.

Amene amagwira zonsezi nthawi zambiri ndi munthu mmodzi, mlembi wa dipatimenti kapena woyendetsa polojekiti, amene dzina lake silituluka pachikuto cha buku. Iye ndiye amadziwa kuti lipoti likufunika liti, kuti pepala la malipiro laima pa tebulo la yani, kuti mlendo wochokera ku Lusaka sadya nyama. Kumene kulibe munthu wotere, ntchitoyi imagwera mphunzitsi amene anaphunzira ndakatulo kapena filosofi, amene sanaphunzitsidwepo kuwerenga lipoti la zachuma, ndipo nthawi imene thandizo linamugulira kuti alembe imathera kuthamangitsa masiginecha m'maofesi. Malipiro a woyendetsa polojekiti ayenera kukhala mu pempho kuyambira pachiyambi, ndipo iyeyo akhalepo pamene bajeti ikulembedwa, chifukwa ndi amene amadziwa mtengo weniweni wa zinthu.

Pangano likamatha pamatsala ntchito zingapo zimene zimafuna ndalama ndipo zimaiwalika. Ndalama zosindikizira buku ziyenera kulipidwa tsiku lotseka lisanafike, pamene buku limachedwa kupsa kuposa china chilichonse. Zojambulidwa ziyenera kukopedwa ndi kusungidwa malo oposa amodzi, monga ku laibulale ya yunivesite ndi ku National Archives of Malawi komweko ku Zomba, pamodzi ndi mndandanda wosonyeza amene analankhula, malo, tsiku, ndi zimene analola kuti zimveke poyera. Zida zogulidwa zilembedwe m'kaundula wa katundu kuti zidziwike kuti zatsala m'manja mwa yani. Ndipo pali ulendo womaliza wobwerera ku Dedza ndi ku Mchinji, kukapereka mabuku ndi makope a zojambulidwa kwa amfumu, ku sukulu ya pafupi ndi kwa mabanja a amene anayimba. Ulendowu umafuna mafuta, galimoto, masiku atatu kapena anayi ndi malonje ena, ndipo umachitika pamene mizere ina yonse yauma. Ukapanda kulembedwa pa tsamba la bajeti tsiku loyamba lija, suchitika.